Chigayo chathu cha kuseri kwa Mitundu

Anzanga a ku Area 25 mpaka pano amandiseka kuti ndinasiya geni ya kaunjika mtauni nkupita kukadya fumbi la ufa kumudzi. Kwathu ndi kuseri kwa Mitundu uko, ndipo tikukula mayi anga ankasenza chimanga tambala woyamba kupita kukagayitsa pa Mitundu, pobwera dzuwa lili paliwombo, khosi litauma. Nde mu 2019 ine ndi akazi anga tinatenga shea yathu ya banki mkhonde, achimwene nawo anaikapo ya fodya, tinagula chigayo cha dizilo chakale ndithu.

Dizilo uja anatidya guys. Kukamugula kutali pa njinga mu zigubu, ukafika lamba waduka, azimayi ali ndi ndowa zawo pa mzere akungokuyang'ana, ena anaviika kale mphale ndiye sangabwerere nayo.

Zinthu zinasintha mapolo a MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, atafika pa trading pathu. Tinaika mota ya magetsi, mtengo wa ndowa tinatsitsako, tinaonjezera chokonolera ndipo gaga uja a nkhumba amachita kulimbirana. Pasanathe chaka pambali pathu panabwera wa welding, wometa, mtsikana wina anagula fuliji akugulitsa mafilizesi. Ndimati ndikamva pa wailesi za ndondomeko ya chitukuko ya Malawi 2063 ija anakhazikitsa mu 2021 ndimangoti ndi zolankhula za mma hotelo, koma polo limodzi lija ndaliona ndi maso anga likulemba anthu ntchito.

Osati zonse zinali bho ayi. Mu January 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira tinkakhala tsiku lonse osaliza mota, ndinayamba kugona mchigayo momwemo kudikira magetsi a usiku, azimayi akubwera 2 koloko ndi matochi. Kenako kwacha inagwa ndi 44 pelesenti mu November 2023, masefa ndi mabeyaring'i kukwera ngati chani.

Chimene chimandiwawa nchakuti mawaya anathera pa trading pomwepo. Midzi ya kutsidya kwa dambo kulibe chilichonse, ndipo mvula ikagwa nseu wake ngakhale ngolo imatitimira, kabaza amakana. Makasitomala anga ambiri ndi a kumeneko. Moyo wawo ndimauwerenga pa ndowa, mu May amabwera ndi matumba pa ngolo, ikafika February munthu amabwera ndi kambale kamodzi ka chimanga chogula atachita ganyu, ndipo tsiku lolandira Mtukula Pakhomo sindichita kuuzidwa, agogo amadzaza pakhonde.

Ku msonkhano wa VDC, komiti ya chitukuko cha mmudzi, nkhani ya mlatho wa pa dambo paja ndakhala ndikuidzutsa mpaka amfumu anayamba kunditchula kuti a Mlatho. Mwezi uno tagwirizana kuti aliyense asonkhe miyala ndi mchenga kaye, ine ndalonjeza ngolo ziwiri, inayo ndatuta kale dzulo.