Funso limene aphunzitsi analemba m'munsi mwa pepala langa

Teremu ino tinapatsidwa ntchito yolemba ndondomeko ya magetsi a dzuwa a chipatala chaching'ono cha kumudzi. Ndinaigwira ndi mtima wonse. Ndinawerengera mababu, firiji yosungira katemera, ndi kompyuta imodzi ya mu ofesi. Pa mabatire ndinaikapo masiku atatu opanda dzuwa, poti aliyense wokhala kuno ku Mzuzu amadziwa mmene June ndi July amakhalira: mitambo kuchokera ku Luwinga mpaka ku Katoto, mvula yamawawa tsiku lonse, zovala osauma pachingwe. Masamu anatuluka bwino. Koma pepala litabwerera, m'munsi mwake aphunzitsi anali atalembamo funso limodzi lokha: "Chaka chachinayi, mabatire adzagula ndani?"

Ndinaliona ngati funso la anthu owerengera ndalama, losatikhudza ife ogwira mawaya. Maganizo amenewo anandichoka tsiku limene tinapita kukaona chipatala china m'boma la Mzimba, kumene bungwe lina linaika sola zaka zingapo zapitazo.

Tikutsika galimoto, mapanelo ankanyezimira padenga ngati aikidwa dzulo. Tinakwera ndi mita yathu, kuyeza, onse amoyo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Bambo amene amalondera pamalopo anatitsegulira kachipinda ka kuseri, ndipo fungo la asidi linatilandirira pakhomo. Mabatire anayi anali otupa m'mbali, pamitu pake pali ufa woyera uja. Inverter, makina osintha magetsi a m'mabatire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba, inali chete. Pakhoma panali pepala lomatidwa lokhala ndi nambala ya foni ya amene anaika zinthuzo. Ndinafunsa kuti, "Bambo, munayesapo kuwaimbira?" Iwo anati, "Achimwene, nambala imeneyo inasiya kulowa kalekale. Tsiku lodula riboni kunali nyimbo ndi mpunga. Kuchoka apo sitinaonenso munthu." Anamwino anatiuza kuti mayi akabwera usiku kudzachira, amaunikira ndi tochi ya pafoni.

Panelo limatha kugwira ntchito zaka 20 kapena kuposa, koma mabatire a asidi ambiri amatha pakati pa zaka zitatu ndi zisanu, ndipo ukamawakama kupitirira theka tsiku ndi tsiku amafa msanga kuposa apo. Zimenezi ndinazilemba kale pamayeso n'kukhoza. Chimene sindinaganizepo n'chakuti magetsi akafika pamudzi, mudzi wonse umabwera. Mafoni amadzatchajidwa, wina amalumikizako wailesi, wina ketulo. Sindingawadzudzule anthuwo. Palibe anawafotokozera malire a mabatirewo, ndipo palibe thumba limene linakhazikitsidwa loti tsiku lina lidzagule ena.

Nditabwerako ndinayamba kuwerenga za ntchito zikuluzikulu ndi maso ena. Ku Salima kuli malo a sola a kampani ya JCM otulutsa mamegawati 60, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, ndipo ku Golomoti m'boma la Dedza kuli ena a mamegawati 20 okhala ndi mabatire akuluakulu, a mu 2022. Kale ndikaona zithunzi zake ndinkangosirira mizere ya mapanelo. Tsopano ndikuona kuti kuimika mapanelo ndiyo mbali yofulumira. Chimene chimadya zaka ndi zimene zimachitika khasu lisanakhudze nthaka: kukambirana ndi mafumu komanso mabanja olima pamalopo, kuwapatsa chipukuta misozi chimene iwo eni akhutire nacho, kupeza chilolezo ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno, ndi kusainirana ndi ESCOM mgwirizano wonena mtengo umene idzaguliramo magetsiwo kwa zaka zambiri. Popanda pepala limeneli palibe banki ingatulutse ndalama. Ndipo nkhani ya malo ukaidumpha, imakupeza kutsogolo, pamene makina afika kale ndipo tsiku lililonse loima likudya ndalama.

Palinso nkhani ya ndalama zakunja, imene ife ophunzira timaimva m'thumba mwathu momwe. Mapanelo, ma inverter ndi mabatire timagula kunja ndi madola, pamene magetsi amagulitsidwa ndi makwacha. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti. Kontirakitala amene anawerengera mitengo yake mwezi wa October anadzuka ndi bajeti yosakwananso katundu yemweyo. Ine pa ndondomeko yanga ndinalemba mitengo ya m'sitolo za m'tauni muno ngati idzakhala chomwecho mpaka kalekale.

Phunziro lina lili ku Kapichira, kumalo opangira magetsi a madzi. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi. Makina onse anabwerera mu 2023. Tonse tikukumbukira kuthimathima kwa chaka chimenecho. Ine ndinkawerengera pa kandulo ku Chibavi. Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo kuno kumpoto tili ndi Wovwe yekha ku Karonga, wosafika ngakhale mamegawati asanu. EGENCO, kampani ya boma yoyendetsa malo onsewa, imalimbananso ndi matope komanso namasupuni m'madamu, ndipo matopewo amachokera m'mapiri amene tinameta mitengo. Ndiye kuti ngakhale ntchito imene inatha zaka zambiri zapitazo imadalirabe munthu wootcha makala kutali ndi damulo.

Kumene ndinapezako chilimbikitso ndi ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumene kampani yaing'ono ya MEGA yakhala ikugawa magetsi a madzi m'midzi kwa zaka zoposa khumi. Kumeneko anthu amalipira, mamita ake ndi ogulira mayunitsi, ndipo pali amisiri amene ntchito yawo ndi kusamala makinawo. Ndikudziwa kuti anzanga ena m'kalasi sagwirizana nane, amati munthu wa kumudzi ndi wovutika kale, osamulipiritsanso. Ndimawamvetsa, inenso ndinakulira kumudzi. Koma ndinaima m'kachipinda kaja ndipo ndinaona kumene magetsi aulere amathera. Wovutika yemweyo ndiye amadzabereka mwana mumdima.

Chipatala sichingalipiritse odwala, n'zoona. Choncho pepala langa ndalilembanso. Ndaonjezera mapanelo awiri kuti masana, mabatire akadzadza, mphamvu yotsala izipita ku kanyumba ka panja kotchajira mafoni ndi kumetera tsitsi, pa waya wakewake wosakhudza firiji ya katemera. Ndalama ya pamenepo izilowa mu akaunti yosainira anthu atatu: mmodzi wa pachipatala, awiri a komiti ya m'mudzi. Ndaikamo sabata ziwiri zophunzitsa achinyamata awiri a pomwepo kutsuka mapanelo, kuthira madzi oyenera m'mabatire ndi kuwerenga mita, komanso pepala la malangizo m'Chitumbuka ndi m'Chichewa lomata pakhoma. Mtengo wa mabatire a chaka chachinayi ndaulemba m'madola.

Loweruka likubwerali tikubwerera ku chipatala chija ndi anzanga awiri. Tikufuna tikatsegule inverter ija tione ngati ndi fyuzi chabe, ndiponso tikakhale pansi ndi a komiti timve ngati ganizo la kanyumba kotchajira mafoni angalilandire.