Misomali 31 ndi khobidi limodzi

Loweruka, madzulo.

Msana ukuwawa, mawondo a thalauza ada bii ndi dothi, ndipo m'thumba la zinyalala muli misomali 31. Ndawerenga kawiri. Khobidi ndi limodzi lokha, lili pakansalu patebulo pano, ndipo ndikaliyang'ana mtima ukundipweteka ndi zomwe ndalichita. Nkhani yake ibwera.

Tinanyamuka m'bandakucha ine ndi mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 14 amene wakhala akundivutitsa kuti ndidzamutenge kokasaka zinthu zakale ndi makina ofufuzira zitsulo m'nthaka. Mwini nkhalango, bambo wachikulire ndithu, anatilola sabata yatha koma anatipatsa malamulo awiri: dzenje lililonse tikwirire, ndipo chilichonse chomwe tapeza akachione. Anatiuzanso kuti chamkatikati muli bwinja, pomwe panali nyumba iwo asanabadwe. Anangoti tikafune miyala younjikana yomwe yamera ndere.

Miyalayo tinaipeza dzuwa litakwera pang'ono. Ndinayatsa makina n'kuyamba kuwazoloweretsa dothi, kukweza ndi kutsitsa koyilo (kambale kakumunsi kwa makina komwe kamayenda pamwamba pa dothi) pamalo opanda kanthu mpaka kulira kutaleka. Ukapanda kutero dothi lenilenilo limachititsa makina kulira, poti nthaka yambiri ili ndi tizitsulo take tachilengedwe. Kenako ndinampatsa mnyamata kuti ayambe ndiye.

Sanayende ngakhale mapazi atatu, makina tswii! Anakumba, mulibe kanthu. Anasuntha, tswii! Mulibenso kanthu. Kachitatu anandiyang'ana nkhope ili gwaa.

"Amalume, makina anuwa ndi owonongeka."

"Iwe, tandionetsa nsapato zako."

Anavala majombo ogwirira ntchito, aja okhala ndi chitsulo kuzala. Koyilo ikangodutsa pafupi ndi phazi, basi phokoso. Ndinaseka mpaka misozi, koma kuti asachite manyazi ndinamuuza kuti ali ndi mnzake wotchuka. Mu 1881 Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anapanga chida chofufuzira chipolopolo m'thupi la James Garfield, pulezidenti wa America amene anawomberedwa. Chidacho chinkangosokosera, chipolopolo osapezeka, ndipo zinadziwika pambuyo pake kuti bedi lomwe wodwalayo anagonapo linali ndi masipuling'i achitsulo. Mnyamata anamva bwino, n'kuyamba kuponya koyilo patali ndi mapazi.

Kufufuza m'nkhalango n'kosiyana ndi m'munda wolimidwa. Koyilo imakodwa m'tchire, sungaiyendetse mokhudza pansi ngati momwe imafunira, ndipo masamba owola amakuba kuya: ngati aunjikana masentimita 5, ndiye kuti makina ako afupikira ndi masentimita 5 omwewo. Kukumba ndiye nkhondo, mizu ili pirikitipirikiti. Ubwino wake ndi umodzi: khasu silinapitepo, kotero chinthu chimakhala pafupi ndi pomwe mwini wake anachigwetsa.

Mnyamata anafunsa kuti makina amadziwa bwanji kusiyanitsa zitsulo. Kunena zoona, sadziwa, amangoganizira. Koyilo imatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka, mphamvuyo ikafika pa chitsulo imadzutsa kamagetsi kozungulira mkati mwake, ndipo kamagetsiko kamabweza maginito ake omwe makina amamva. Yankholo limachedwa mosiyanasiyana malinga ndi mtundu wa chitsulo, kukula kwake ndi momwe chagonera. Chitsulo cha dzimbiri chimadzuma ndi mawu aakulu, mkuwa ndi siliva zimalira mopyapyala. Chovuta n'chakuti kachotsegulira ka chitini cha aluminiyamu kamalira ngati mphete ya golide. Ukauza makina kuti azinyalanyaza tizotsegulira, wawauzanso kuti azinyalanyaza mphete. N'chifukwa chake lero takumba tizotsegulira 7, ngakhale mkati mwa nkhalango momwe ungaganize kuti simufika munthu.

Misomali ine ndinali nditatopa nayo. Ndinkafuna kukanikiza batani lotseka phokoso la chitsulo cha dzimbiri, koma mnyamata anandigwira dzanja. Iye anali ataona zomwe ine sindinalabadire: misomaliyo sinali yobulungira ngati ya masiku ano, inali ya mbali zinayi, yosongoka pang'onopang'ono. Imeneyo ndi yakale, poti yobulungira yopangidwa kuchokera ku waya inafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ndiye anayamba kuthyola timitengo, n'kumazika kamodzi pa dzenje lililonse lomwe tatulutsa msomali tikalikwirira. Ndinkaona ngati masewera a ana.

Pofika masana ndinaima pamwala kuti ndiwongole msana, ndipo nditayang'ana pansi ndinangoti kukamwa yasa. Timitengo tija tinali titapanga mzere, kenako n'kukhota, n'kupanganso mzere wina. Makoma awiri a nyumba yomwe kulibe. Pakati pa mzere wautali panali mpata wopanda kamtengo, ndipo pomwepo tinatulutsa chitsulo chopyapyala chokhala ndi mabowo atatu, chooneka ngati hinjesi ya chitseko.

"Amalume, apa ndiye panali pakhomo."

Ndinavomera. Ndipo munthu amagwetsa ndalama kuti? Pakhomo, akamapisa m'thumba. Tinayendetsa koyilo pang'onopang'ono kutsogolo kwa mpatawo, ndipo pansi pa muzu wina makina analira kamawu kopyapyala, kosasintha ngakhale titazungulira mbali zonse. Ndinadula dothi mozungulira, n'kulitembenuza ngati chivindikiro. Pa masentimita ngati 15, kanthu kobulungira, kobiriwira.

Apa ndi pomwe ndinachita zopusa. Ine amene ndimauza aliyense kuti khobidi sapukuta m'thengo, ndinalavulira malovu n'kulikwecha ndi chala chachikulu, kenako pa thalauza. Ndinkafuna chaka basi. Kubiriwira kuja si litsiro ayi, ndi khungu lomwe mkuwa umapanga pazaka zambiri, ndipo pa khobidi lodyeka zilembo zimakhala zitatsalira m'khungu momwemo. Mchenga unalikanda, kachidutswa kanasupuka, ndipo pomwe ndinaona ngati pali manambala panangotsala bii. Chatsala ndi chithunzithunzi cha mutu wa munthu woyang'ana kumbali, ndi zilembo ziwiri zitatu m'mphepete. Mnyamata sananene kanthu. Kukhala chete kwakeko kunandilasa kuposa mawu.

Pobwerera ndinkaganiza za Eric Lawes. Mu Novembala 1992 ku Hoxne, m'dera la Suffolk ku England, bamboyu anapita ndi makina ake kukafuna hamala yomwe mnzake anataya m'munda. M'malo mwa hamala anayamba kutulutsa masupuni asiliva ndi makobidi a Aroma. Atadzaza matumba awiri anasiya kukumba, n'kukanena kwa akuluakulu, ndipo tsiku lotsatira akatswiri anadzafukula zotsalazo mosamala. Munali makobidi oposa 14,000. Zonsezo zili ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya British Museum, pamodzi ndi hamala ija, poti inapezeka ndithu. Munthu anaona golide ndi maso ake n'kuugwira mtima, ine ndalephera kudikira maola atatu ndi khobidi limodzi la mkuwa.

Tisanachoke tinajambula timitengo tonse ndi foni, ndipo mnyamata anajambulanso papepala, n'kuika chizindikiro pomwe panali hinjesi ndi khobidi. Maenje onse tinakwirira n'kubwezera masamba pamwamba.

Mawa tikaonetsa mwini nkhalango. Ndidzayamba ndi pepala la mnyamata, khobidi ndidzatulutsa pomaliza. Wandifunsa kale ngati Loweruka likubwerali tikafune makoma awiri otsalawo, ndipo ndamuuza kuti abwere ndi nsapato zalabala. Mabatire ali pa chaja.