Kumene nthawi imathera mu masewera a MMORPG

World of Warcraft inatuluka mu 2004, ndipo pofika 2010 anthu 12 miliyoni ankalipira mwezi ndi mwezi kuti azisewera. Chimene chimagwira anthu m'masewera oterewa a MMORPG, amene anthu ambirimbiri amasewera limodzi pa intaneti, ndi anzawo, ndipo anzawo omwewo ndi amene amachititsa kuti nthawi isakhalenso yanu.

Kusewera panokha kumatenga nthawi, koma mukhoza kusiya pamene mwafunira. Mu Old School RuneScape, kuti luso limodzi lifike pa level 99 pamafunika mapointi (XP) 13,034,431, ndipo mukafika pa 92 ndiye kuti mwangoyenda theka la ulendo. Ntchito yake ndi ya miyezi, komabe mukazimitsa kompyuta palibe amene mwamulakwira.

Zimasintha mukalowa m'gulu. Dungeon (malo odzaza adani amene gulu limalowamo kukamenya nkhondo) ya World of Warcraft imafuna anthu asanu: tank woima kutsogolo n'kumalandira nkhonya za adani, healer wochiritsa anzake, ndi atatu omenya. Mukathawa pakati pa dungeon imene munalowa kudzera pamzere wodikira kuti masewerawo akupezereni gulu, amakuletsani kulowa ina kwa mphindi 30. Raid (nkhondo ya gulu lalikulu) ya Mythic, yomwe ndi yovuta kwambiri, imafuna anthu 20 enieni, ndipo magulu ambiri amapangana masiku awiri kapena atatu pasabata, maola atatu usiku uliwonse. Inu mukachedwa, anthu 19 angokhala kudikira. Apa ndi pamene masewera amasanduka ngati ganyu yopanda malipiro, ndipo ambiri sazindikira msanga.

Palinso kalendala. Mphoto zabwino amaziika malire pasabata. Pa seva za ku Europe za World of Warcraft sabata imayamba Lachitatu, pamene Final Fantasy XIV imayambiranso Lachiwiri 10 koloko m'mawa nthawi yathu. Sabata ikadutsa osasewera, mwayi wa katundu wa sabatayo wapita, ndiye munthu amalowa ngakhale atatopa.

Kwa ife osewera tili ku Malawi kapena Zambia, seva zimene ambiri timagwiritsa ntchito ndi za ku Europe. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala wotchi yathu imafanana ndi ya ku Germany, koma miyezi inayo timakhala patsogolo ndi ola limodzi. M'miyezi inayi, raid ya 8 koloko usiku kwawo imayamba 9 koloko kuno n'kutha pakati pa usiku. Ganizirani zimenezi musanalonjeze.

Magetsi akazima muli tank kapena healer, gulu lonse limafa n'kuyambanso. Ngati kwanuko magetsi ndi osadalirika, sankhani kukhala womenya, ngakhale mzere wake umachedwa. Laputopu yokhala ndi batire labwino, komanso foni yokonzeka kupereka hotspot, zimapulumutsa usiku wonse. Patch (mafayilo atsopano okonzera masewerawo) itsitseni dzulo lake, chifukwa zina zimadya magigabaiti angapo a bandulo.

Musanalowe guild (gulu lokhazikika la osewera) funsani zinthu zitatu: masiku ati, maola angati, ndipo mukajomba kangati amakuchotsani pamndandanda. Ngati nthawi yanu yopuma imabwera mwa apo ndi apo, ndikuona kuti raid siikuyenerani, ndipo palibe chochititsa manyazi. Pali EVE Online, kumene luso la munthu wanu wa m'masewerawo limakula ngakhale kompyuta ili yozimitsa, kapena dungeon za anthu anayi za Final Fantasy XIV zimene nthawi zambiri zimatha musanakwane theka la ola.