Sikani si ya amayi oyembekezera okha

Kuno ku Blantyre, munthu akanena kuti akukajambulitsa sikani, ambiri timaganiza za mayi woyembekezera amene akufuna kudziwa mmene mwana wagonera. Komatu makina omwewo amatha kuona vuto lina limene limapha abambo achikulire mosachenjeza, ndipo ndikulakalaka titayamba kulikamba m'mabanja mwathu.

Mtsempha waukulu kwambiri m'thupi, umene madokotala amautcha aorta, umachokera kumtima n'kutsika kudutsa m'mimba, kufupi ndi msana. Mwa munthu wamkulu, kukula kwake m'mimba mwake kumakhala pafupifupi masentimita 2. Khoma lake likafooka chifukwa cha ukalamba, fodya kapena kuthamanga kwa magazi, umayamba kufufuma ngati chubu cha njinga chimene chatupa mbali imodzi, ndipo ukafika masentimita 3 madokotala amati amenewo ndi matenda. Choopsa n'chakuti nthawi zambiri mwiniwake samva kupweteka kulikonse. Amadya bwino, amayenda, amapita kokapemphera, mpaka tsiku limene mtsemphawo umaphulika magazi n'kutayikira m'kati. Mwa anthu 10 amene zimenezi zawachitikira, pafupifupi 8 amamwalira, ndipo ambiri safika n'komwe kuchipatala. Katswiri wotchuka wa sayansi Albert Einstein anamwalira ndi vuto lomweli mu 1955.

Kuyezako n'kosavuta. Munthu amagona chagada n'kukweza malaya, amamupaka timafuta tozizira pamimba, kenako amayendetsapo kachipangizo kakang'ono uku akuyeza mtsemphawo pa kanema. Palibe jakisoni, palibe kucheka, ndipo pakatha mphindi 15 amakhala atadzuka.

Ku Britain, kafukufuku wotchedwa MASS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira amuna oposa 67,000 azaka 65 mpaka 74, ndipo anapeza kuti pakati pa amene anaitanidwa kukajambulidwa, imfa zobwera ndi vutoli zinachepa ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse. Lero bungwe la boma loona zaumoyo ku Britain la NHS limaitana mwamuna aliyense m'chaka chimene akukwanitsa zaka 65. Ku America amalangiza kuti amuna azaka 65 mpaka 75 amene anasutapo fodya ajambulidwe kamodzi. Chotupa chikakhala chaching'ono amangochiyang'anira ndi sikani zobwereza, koma chikafika masentimita 5.5 amayamba kukambirana za opaleshoni.

Ena anganene kuti kwathu kuno, kumene madokotala a opaleshoni ya mitsempha ndi ochepa, kumuuza munthu wamkulu kuti ali ndi chotupa ndi kungomusowetsa tulo. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma ine sindikugwirizana nayo. Bambo amene waona ndi maso ake kuti mtsempha wake wakula amakhala ndi chifukwa chenicheni chosiyira ndudu kapena chingambwe, pakuti fodya ndi amene amafulumizitsa kukula kwa chotupacho, ndiponso amasiya kudumphitsa mankhwala a BP. Nawo abale ake amadziwa kuti vutoli limayenda m'magazi, choncho achimwene ndi ana ake aamuna ayenera kuuza dokotala.

Ngati muli ndi bambo kapena malume amene adutsa zaka 65 ndipo anasutapo fodya, aperekezeni akafunse dokotala ngati n'koyenera kuti awajambule mtsempha umenewu. Ndipo ngati munthu wachikulire wamva ululu waukulu mwadzidzidzi m'mimba kapena kumsana, akutuluka thukuta lozizira, akufuna kukomoka, musataye nthawi ndi kumusisita kapena kudikira kuti kuche. Pezani galimoto muthamangire naye ku chipatala cha Gulupu nthawi yomweyo.