Ku Lusaka mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto

Masana tinawoloka mlatho wa Luangwa tikupukuta thukuta, koma potsika basi pa Intercity usiku, mphepo inandilowa mpaka m'mafupa. Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera panyanja yamchere, ndiye Juni wake sachita naye masewera.

Kutacha, amalume anga a ku Chilenje ananditengera ku msika wa Soweto kukasankha juzi la salaula, kapena kuti kaunjika. Mayi wogulitsa, manja ali pa mbaula, anati, "Gulani awiri bambo, dzuwa lapita kutali." Amalume anaphunzitsapo jogalafe, choncho nkhani yotere sangaisiye ipite. Anawayankha kuti, "Mayi, kutali lapitadi, koma nanga bwanji ku London panopa anthu akuyenda ndi malaya opyapyala?" Kumayambiriro kwa Julaye dziko lapansi limatalikirana ndi dzuwa makilomita pafupifupi 152 miliyoni, pamene mu Januwale ndi 147 miliyoni. Kusiyanaku n'kochepa, ndipo kukanakhala kuti ndiko kumabweretsa chisanu, bwenzi dziko lonse likuzizidwa nthawi imodzi. Mayi aja anangoseka n'kutchula mtengo wa juzi.

Zenizeni amalume anandionetsa kunyumba dzuwa lili pakati. Pabwalo pali mzati wachitsulo womangapo chingwe choyanikira zovala. Mthunzi wake unali utagona kuloza kum'mwera, wautali kungotsala pang'ono kufanana ndi mzatiwo. Akazi awo a amalume anali atasamutsira mphasa ndi mbale ya nyemba zosankha ku khoma lakumpoto, kumene kunali kofunda, ndipo khoma lakum'mwera linali zii tsiku lonse.

Dziko limazungulira litapendekeka madigiri 23.4, ndipo kupendekekako kumaloza mbali imodzimodzi chaka chonse pamene likuyenda mozungulira dzuwa. Cha pa 21 Juni, mbali yakumpoto ndiyo imaweramira kudzuwa. Lusaka ali madigiri 15 kum'mwera kwa ikweta, motero dzuwa la masana limangokwera madigiri pafupifupi 51. Kuwala kobwera chopendekeka kumamwazikana pamalo aakulu n'kuchepa mphamvu, ngati tochi younikira khoma cham'mbali. Usana nawo umafupika, maola 11 ndi mphindi zochepa, pamene mu Disembala umafika maola 13.

Chimene chinandikomera kwambiri n'chakuti ku Lusaka dzuwa limafika paliwombo penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Masiku amenewo mzati uja umatsala wopanda mthunzi masana. Kuchokera mu Novembala kufika mu Febuluwale dzuwa limakhala litapitirira kum'mwera, ndipo kamthunzi kake kamatembenuka n'kuloza kumpoto. Ineyo ndimaona kuti ana asukulu akanamaphunzira zimenezi pabwalo ndi ndodo, bwenzi sakuvutika kuloweza.

Ndinafunsa chifukwa chake anthu amalira ndi kutentha kwa Okutobala osati kwa Disembala, pamene usana umatalika kwambiri. Amalume anati mu Okutobala dzuwa limakhala litakwera kale, kumwamba kulibe mtambo, nthaka ili gwa, ndiye palibe chotchinga. Koma lamba wa mitambo yamvula amatsatira dzuwa kubwera kum'mwera mochedwerapo. Akafika cha mu Novembala, mitambo imaphimba dzuwa, madzi amaziziritsa nthaka, anthu n'kuyamba kufunafuna mbewu ya chimanga.