Tsiku lomwe ndinagwira mwendo wa apongozi pakati pa nyanja

Abale inu, mukamva kwathu akundiitana kuti "Kaputeni" musamaganize kuti ndinakaphunzirako zoyendetsa sitima ku Monkey Bay. Dzinali ndinalitola ku Senga Bay, ndili chogwada m'boti, nsapato imodzi, manja onse awiri ali pamwendo wa apongozi anga aakazi.

Ine kwathu ndi ku Mchinji. Madzi omwe ndinakula ndikuwadziwa ndi a m'dambo olekeza m'mawondo, ndi a Bua pooloka pa mlatho ndili m'minibasi. Pomwe apongozi anga ndi a ku Nkhotakota, anabadwira m'mphepete mwa nyanja, anagulitsa usipa ndi utaka zaka ndi zaka mpaka kuphunzitsa ana onse kuphatikizapo amene ndinakwatirayu. Nde atabwera kudzacheza kwathu ku Area 25, mtima wofuna kushaina unandigwira. Ndinati bwato akulidziwa, chabwino, koma boti la injini la iwo okha, lopanda madengu a nsomba, lokhala ndi gaidi wowafotokozera zinthu ngati azungu, analikwerapo? Anthu ambiri amadikira pa 15 Okutobala tsiku la anakubala kuti atengere amayi awo kunyanja, ine ndinati ayi, nthawi imeneyo kumadzaza komanso kumatentha, ife tipita pa holide ya pa 6 Julayi kuli phee. Akazi anga anangoti "Julayi? Kunyanja?" Apongozi sananene kanthu, anangoseka pang'ono nkuyang'ana pansi, ine nkumati akusangalala.

Tinanyamuka m'mawa ndi kagalimoto kobwereka kwa mnzanga, makilomita 100 aja a Lilongwe mpaka Salima, kudutsa pa Kamuzu Road kenako kulunjika kunyanja. Tisanatsike nkomwe anyamata anali atatizungulira kale, wina zibangili, wina makiyi osema dzina lako pompo, wina boti. Ndinasankha wamtali wina wooneka wofatsa, anali ndi mnzake wa injini. Ndinamuuza mwamatama kuti ndikufuna ulendo wa praiveti, tikafike ku chilumba cha Mbenji, poti ndinaliwerenga dzinalo pa intaneti usiku wake. Mnyamata uja anayang'ana amayi awiriwo, nkuyang'ananso kulabokosi yomwe pansi pake ndinabisamo timabotolo tanga, nkuti, "Bigi, ku Mbenji kwa a Makanjira sikupita mzimayi, sikulowa mowa, komanso ndi kutali zedi. Inu za saizi yanu ndi Namalenje uyo." Analoza kachilumba kooneka pafupi kwambiri moti ndinamva ngati wandinyoza.

Mtengo anati K90,000. Apa ndi pomwe anandipeza, ine munthu wozolowera kunenerera kaunjika mu Tsoka. Ndinaseka, ndinachita ngati ndikupita, ndinabwerera, ndinamuuza kuti ine si mzungu, ndinatchula za kukwera kwa chimanga, mpaka tinafika pa K50,000. Anavomera koma anawonjezera mawu omwe ndinawamva bwinobwino ndi makutu anga awa: "Ndalama imeneyo mafuta ake ndi ongopita nkubwera bigi, osakhotakhota. Ndipo tinyamuke pompano mwera usanadzuke." Ine ndinati mwera wa chani, nyanja ili ngati galasi iyi, komanso sindingakweze apongozi m'boti ndi njala. Tinakakhala pa lesitilanti ina, ndinaitanitsa chambo chachikulu chokazinga ndi chipisi, kachumbali, tsabola wa kambuzi, ndinadya mpaka mutu ndi maso omwe. Apongozi anangomwa tiyi ndi sikono imodzi. Ndinawakakamiza kuti amayi idyani, ndalama ilipo, iwo anati "zikomo akamwini, ndikadya pobwera."

Maola awiri anapita pamenepo.

Polowa m'boti gaidi anatulutsa ma laifi jaketi atatu. Apongozi, omwe amasambira ngati mcheni, anali oyamba kuvala, kumanga zingwe zonse, nkumanganso chitenje pamwamba pake. Akazi anga anavala. Ine yanga ndinaikhalira ngati khushoni, chifukwa ndinali nditavala shati yatsopano yoyera ndipo sindikanalola kuti pazithunzi ndizioneka ngati wogwira ntchito yamumsewu.

Popita kunali bho, osanama. Kamphepo kabwino, madzi oyera oona mchenga pansi, mapiri akuoneka chakutali, mawato a asodzi akubwerera. Gaidi uja ankaidziwa ntchito yake, anatilozera kumwera komwe kuli zilumba za Maleri nkuti zija zili mu paki ya nyanja yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, kuti nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, kuti kumpoto uko kuya kwake kumafika mamita 700. Ine ndinkangogwedeza mutu nkumawabwerezera apongozi zomwe amva kale, "amayi, akuti mamita 700," ngati kuti ndinakumba ndine.

Kenako nkhwazi. Mnyamata anatenga kansomba, kulasa kabango kuti kayandame, kuimba likhweru lakuthwa nkuponya pamadzi. Nkhwazi inachoka mumtengo uko, mutu mbee, mapiko tambasu, kutsika mwaulemu wake, tsompho! yapita nayo osanyowa nthenga. Ine foni m'manja ndinajambula chala changa. Ndinati aponyenso. Kachiwiri ndinajambula thambo lokhalokha. Kachitatu ndinajambula khutu la mnyamata wa injini. Nsomba zinatha, ndipo ndinauzidwa kuti ziwiri zowonjezerazo ndi zolipira padera.

Namalenje ukamuona kutali ndi wokongola, ukafika pafupi mphuno ndi zimene zimayamba kupereka moni, miyala mbuu ndi zitosi za mbalame za m'madzi. Koma m'munsi mwa miyalamo muli mbuna, tinsomba ta buluu, tachikasu, tamizeremizere, ukangofikisa kabuledi m'madzi timabwera ngati ana a sukulu pa phala. Akazi anga anasangalala ngati kamwana. Ine ndinatsika, kukwera pamwala wina kuti andijambule ndikuyang'ana kutali ngati mwini chilumba. Ndili chiimire choncho ndinamva tswatswa kumbuyo, potembenuka ndinaona chinthu chachitali, chamchira, chamamba, chikutulutsa lilime.

Sindikudziwa kuti mawu aja anachokera kuti. Ndinakuwa "ng'ona! ng'onaaa!" ndi liwu lomwe ngakhale kukwaya ya amayi akanandiika kutsogolo, ndinadumpha miyala itatu nthawi imodzi, ndinawadutsa akazi anga osawagwira ngakhale dzanja, nsapato yakumanzere inalowa pampata wa miyala sindinaitembenukirenso, ndinakagwera m'boti chamimba. Apongozi anali chikhalire, manja pamiyendo. Anati, "Ndi ng'azi iyo akamwini. Ikuothera dzuwa." Gaidi anawonjezera kuti nchifukwa chake azungu amati Lizard Island, akunena uku akuluma mlomo kuti asaseke, mnzake wa injini anangogwadira injini ngati akuikonza koma mapewa akugwedezeka.

Munthu wanzeru akanati tiyeni tizipita. Ine manyazi anandiuza kuti ndibweze ulemu wanga. Ndinati tizungulire chilumba chonse, amayi aone mbali inayo. Gaidi anati bigi mafuta aja. Ndinati ndalipira. Anati bigi taonani uko, akuloza kumwera komwe madzi anali atasintha mtundu, akuda, ali ndi timizere toyera pamwamba. Ndinati ndalipira ndine kapena ndiwe? Apongozi anakokanso chingwe cha jaketi yawo.

Tinangoti titulukire kuseri kuja, mwera unatilandira. Abale, mwera si mphepo yomwe imaulutsa zovala pachingwe ku Area 25 ija. Boti linkakwera ngati likupita kumwamba kenako phwa! kugwa, madzi kumaso, kukweranso, phwa! Chambo chija chinayamba kufunsa njira yobwerera kwawo. Ndinalimbana nacho, ndinameza malovu, ndinayang'ana kumapiri monga anandiuzira, koma chinapambana, chinatuluka ndi chipisi chake ndi kambuzi yemwe, ndipo poti ndinasanzira mbali yomwe mphepo ikuchokera theka linabwerera pa shati yoyera ija. Ndisanapukute pakamwa injini inakhosomola kawiri, pu pu, nkukhala chete. Wa injini anakoka chingwe, kukoka, kukokanso, anatukula chigubu nkuchigwedeza pafupi ndi khutu langa kuti ndimve ndekha. Munalibe olo kadontho.

Funde lina lalikulu linamenya boti cham'mbali ndipo ine ndinagwira chomwe chinali pafupi. Inu a kwathu kuno mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi aakazi sakhalirana pafupi, kupatsana moni ndi chapatali, mukakumana panjira wina amapatuka. Zaka 9 ndili pabanja ndinali ndisanadyepo nawo mbale imodzi. Tsiku limenelo ndinakumbatira mwendo wawo wakumanja ngati mtengo wa mango, nkhope pa chitenje, ndikulira "amayi tikufa, amayi!" Jaketi yanga ija inali itayandama kale uko, ikupita ku Nkhotakota yokha.

Pakamwa napo panatseguka. Ndinayamba kupemphera mokweza, ndipo pofuna kukafika kumwamba ndili woyera ndinaulula zonse. Ndinaulula kuti K50,000 ya botiyi ndinaitenga m'kachitini ka akazi anga ka banki m'khonde. Ndinaulula kuti galimoto si ya kuofesi ayi, ndabwereka. Ndinaulula kuti nkhuku yomwe amayi anatitumizira pa Khirisimasi sinafe ndi chitopa, tinaiwotcha ndi anzanga tikuonera mpira. Ndinali nditayamba ya chinayi pomwe apongozi anati, "Akamwini, siyani mwendo, gwirani ichi."

Chinali chigubu chodula. Anati ndizikapa madzi. Iwo anavula mpango, kuumanga m'chiuno, kutenga nkhafi yomwe inali pansi pa thabwa, gaidi natenga ina, nkuyamba kupalasa. Mayi a zaka zoposa 60 amenewo, akulamula anyamata a m'boti kuti mutu wa boti uziyang'ana funde, osalipatsa nthiti, ndipo anyamatawo akungoti "eya amayi, eya amayi." Ine pansi, kukapa, kusanza, kukapa. Akazi anga sanathandize chilichonse, anangondiyang'ana ndi diso lija lowerengera ndalama.

Sindikudziwa kuti tinatha nthawi yaitali bwanji, kwa ine inali sabata, akazi anga amati mphindi 20. Kunatulukira boti la asodzi a chilimira, alovi ali thoo, apongozi anawakodola ndi nkhafi nkuwalankhula mwa kunyanja komweko, ena mpaka anawazindikira kuti ankagula nsomba kwa mabwana awo kalekale. Anatipatsa petulo wa m'botolo, koma poona kuti wolipira ndi wa shati uja mtengo wake unali wa golide. Ndinayesa kutsegula pakamwa kuti ndinenerere, akazi anga anangoti "yesani." Ndinalipira. Kuphatikiza nsomba ziwiri za nkhwazi, jaketi yotayika, ndi kangachepe kopepesera anyamata potsuka boti, ulendo wa K90,000 womwe ndinautsitsa mwaukatswiri kufika pa K50,000 unandidyera K115,000, osawerengera nsapato.

Pagombe ana anali atasonkhana kale, nkhani imathamanga kuposa injini. Ndinatsika phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, mwana wina nkufuula kuti "akaputeni afika!" ndipo dzina linamera pomwepo. Apongozi anakonza chitenje chawo, kuyang'ana dzuwa, nkuti, "Tsopano chambo chija ndingadye akamwini." Ndinawagulira. Ine ndinakhala panja ndi madzi a m'botolo, nsana kunyanja.

Pobwerera ku Lilongwe m'galimoto munali zii mpaka tinadutsa Kamuzu Road. Kenako foni yanga inayamba kulira, tiii, tiii, gulu la pa WhatsApp la kuchikazi. Mlamu wanga anali ataponya chithunzi cha nkhwazi, mapiko onse awiri, nsomba m'zikhadabo, madzi akuthovoka, chooneka bwino ngati cha pa kalendala. Anajambula ndi apongozi, ndi kafoni kosweka galasi komwe ndinawapatsa ine nditakatopa nako, ulendo woyamba womwe uja. Pansi pake panali chithunzi china, chojambulidwa ndi akazi anga, ndipo pa chimenecho nkhope yanga sikuoneka chifukwa ili mu chitenje.

Za m'kachitini ndinabweza mwezi womwewo ndi chiwongoladzanja cha banki m'khonde. Nkhuku ndinatumiza ziwiri ku Nkhotakota, tambala ndi msoti. Chomwe chatsala ndi chimodzi, usiku uliwonse tikazimitsa magetsi akazi anga amati, "Abambo, m'boti muja munati chachinayi. Chachinayi chinali chani?"