Aphunzitsi amene sindinakhalepo m'kalasi mwawo

Ine ndi Pulofesa Steve Chimombo, mlembi wa ndakatulo, sitinapatsanepo moni. Pamene ndinkafika ku Chirunga, pa koleji ya Chancellor ku Zomba, kudzayamba maphunziro a Chingerezi, iwo anali atapuma kale ntchito, ndipo pa 11 Disembala 2015 anatisiya ali ndi zaka 70. Komabe munthu akandifunsa kuti anandiphunzitsa Chingerezi ndani, dzina lawo ndi limene limayamba kutuluka pakamwa. Anzanga amaseka, amati ndikudzikometsa ndi nsalu yobwereka. Asekeni.

Ku sekondale kwathu, sukulu yake sinditchula, kunali kathabwa kolembedwa mawu onyoza kamene ankakoleka m'khosi mwa aliyense wopezeka akulankhula Chichewa. Ukakavala umayenda makutu ali tcheru, kusakasaka mnzako woti umupatsire. Wogona nako ankalima udzu kuseri kwa zimbudzi. Ine ndinalima kokwanira, mpaka ndinaphunzira kukhala chete. Phunziro limene ndinatuluka nalo kumeneko linali lakuti Chingerezi ndi nyumba yoyera ya eni ake, ndipo polowamo uyenera kuvula zonse za kwanu n'kuzisiya pakhomo ngati nkhwayira zamatope.

Ndiye tangoganizani mmene ndinamvera m'chaka choyamba, mnzanga wa chipinda chimodzi atandiponyera mapepala a fotokope a ndakatulo za a Chimombo omangidwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Pamwamba pake panali dzina limene sindinkayembekeza kuliona m'buku la Chizungu, Napolo. Ndinaseka kaye. Napolo wake uti? Yemwe uja wa agogo?

Kwathu ndi ku Phalombe. Ine ndinabadwa madzi osefukira a mu Malichi 1991 ataphwa kale, koma ndinakula nkhani yake ili m'nyumba ngati mlendo wosatsanzika. Agogo aakazi sankanena kuti kunagwa mvula yambiri, iyayi. Ankati Napolo anasamuka ku Michesi. Ankafotokoza kuti kunamveka kaye kugunda ngati ng'oma pansi pa nthaka, kenako phiri linang'ambika, miyala yaikulu ngati nkhokwe n'kumagubuduka pamodzi ndi mitengo. Chinjoka chimenecho, iwo ankatero, chikatopa kukhala kuphiri chimatsikira kunyanja, ndipo sichipempha njira kwa munthu. Ndinkamvetsera ndili ndi mantha, koma nditavala yunifolomu ndinaziika zonsezo m'gulu la zinthu zochititsa manyazi.

Tsono apa panali munthu wobadwira ku Zomba mu 1945, chaka chimodzi Napolo asanagumule tawuniyo mu Disembala 1946. Munthu wophunzira ku Zomba Catholic, ku Yunivesite ya Malawi, ku Wales, ku Leeds, mpaka kukatenga digiri ya udokotala ku Columbia mu mzinda wa New York. Anakafika konseko, n'kubwerera kudzalemba ndakatulo za chinjoka cha agogo anga, popanda kupepesa kwa aliyense.

Ndisaname, ndakatulozo sizinandilowe msanga. Ndi zouma ngati chimanga chokazinga, zimafuna mano. Mzere umodzi ndinkauwerenga kanayi, dikishonale ili pambali, n'kupezabe kuti mawu onse ndawamva koma nkhani sindinaigwire. Asayimenti yanga yoyamba pa ndakatulo zimenezi inabwera ndi malikisi ochititsa chisoni, ndipo vuto linali langa. Ndinali nditamva kwa akuluakulu a chaka chachinayi kuti Napolo ndi Kamuzu basi, ine n'kungolemba zomwezo masamba asanu. Aphunzitsi anga analemba funso limodzi m'mphepete ndi inki yofiira, kundifunsa ngati anthu a kwathu anakokoloka ndi pulezidenti.

Kuwerenga kwa ndale kuja sikolakwika, musandimve molakwa. Nthawi imene a Chimombo ankalemba inali yoti munthu ankayang'ana kaye kumbuyo asanatsokomole. Bungwe loona zoyenera kusindikizidwa linali ndi mphamvu kuchokera pa lamulo la 1968. Gulu la alembi limene linayamba mu 1970 pakolejipo, lomwe munadutsa anthu ngati Jack Mapanje, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande, linaphunzira kulankhula mokuluwika chifukwa kulankhula poyera kunali kudziitanira galimoto ya usiku. A Mapanje, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, anatengedwa mu Seputembala 1987 n'kukakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda mlandu kuzengedwa. Ndipo 1987 yomweyo ndi chaka chimene buku la a Chimombo la Napolo Poems linatuluka. Choncho wonena kuti chinjoka chomeza anthu mosapereka chifukwa chikufanana ndi boma la nthawi imeneyo sakunama. Kulakwa kwanga kunali kuganiza kuti Napolo ndi chigoba chabe, choti ukachivula upeze nkhope ya munthu mmodzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Chigoba cha gule sichitero. Ndinaiwala kuti kwa agogo Napolo sankaimira kanthu kena. Anali Napolo, ndipo anawatengera mbuzi, nkhokwe ndi anansi.

Chimene chinanditembenuza kwenikweni si ndakatulo ayi, koma buku lawo la 1988 lofotokoza za luso la pakamwa la Amalawi, Malawian Oral Literature. M'menemo anakana kuyeza nthano, nyimbo ndi magule athu ndi muyeso wobwereka kunja, n'kuumba mawu awoawo kuchokera ku zidutswa za Chichewa: ulimbaso. Ndikukumbuka ndili m'laibulale ndikuwatchula pansipansi ngati mwana wophunzira kulankhula. M'kati mwake ndinkamva mba wa kuimba, kuumba ndi kulemba, kumapeto kwake ndinkamva so wa luso ndi kaso. Kaya mfundo yawoyo imagwira pa luso lililonse kapena ayi, anthu angatsutsane, ndipo ine ndemwe pena ndimaona ngati anaikoka kwambiri kuti ikwane ponseponse. Koma kulimba mtima kwake ndi kumene kunandigwira. Tsiku lililonse tinkaloweza mayina a nzeru za ku Paris ndi ku London, ndipo apa pulofesa wa Chingerezi ankanena kuti chilankhulo chimene ndinkalimira udzu chili ndi zida zokwanira kuganizira za luso.

M'chaka chomaliza ndinasankha kuchita kafukufuku wa nthano za kwathu. Ndinapita kumudzi patchuthi ndi foni yojambulira mawu, ndikudzimva ukatswiri. Ndinakhazika agogo pamkeka masana, n'kuwauza kuti ayambe.

"Masana ano?" anatero akundiyang'ana ngati ndapenga. "Mdzukulu wanga, sukulu yakuonongadi. Nthano ndi ya usiku."

Tinadikira mpaka nsima itadyedwa. Atayamba kuti "Padangokhala", ine ndinali kalikiliki kuyang'ana ngati foni ikujambula, osayankha. Anasiyira pomwepo.

"Kodi ndikulankhula ndi iwe kapena ndi kachitsuloko?"

"Pepani agogo. Tili tonse."

"Tanena ngati wadya."

Adzukulu ang'onoang'ono anafa nako kuseka, n'kuyankha okha mokweza, ndipo nthano inayenda. Pomvetsera m'mawa mwake ndinapeza kuti theka la zimene ndinajambula ndi mawu a anawo, kuvomera, kuimba nawo, kutsutsa pamene agogo asintha dala dzina la kalulu. Poyamba ndinkafuna kuzidula monga phokoso. Kenako ndinazindikira kuti nthano yake inali yomweyo, ndipo mutu wonse wachitatu wa kafukufuku wanga unachokera pa phokoso limenelo. Ndi mutu wokhawo umene mpaka lero ndimatha kuuwerenga osachita manyazi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandivutabe, ndipo kulemekeza munthu sikundiletsa kuchinena. Zambiri zimene a Chimombo analemba zili m'Chingerezi. Sewero lawo la The Rainmaker la 1978, lonena za M'bona amene kachisi wake ali ku Khulubvi ku Nsanje, anthu ambiri osunga kachisiyo sangaliwerenge. Agogo anga anamwalira osadziwa kuti Napolo wawo amalembedwa pa mayeso a digiri. Nditayesa kuwamasulira ndakatulo imodzi, anamvetsera mwaulemu n'kundifunsa ngati mwiniwakeyo anamuonadi Napolo kapena anangomva. Yankho ndinalibe. Komanso sindingawaweruze kwambiri, poti ine ndemwe kafukufuku uja ndinamulemba m'Chingerezi, mawu a agogo n'kuwaika kumapeto ngati zakumapeto. Ndipo iwo sanangokhala mu ofesi. Anayambitsa magazini ya WASI kuti alembi ndi aluso a m'dziko muno akhale ndi poonekera, ntchito yosalemeretsa munthu m'dziko limene buku limagulidwa pokhapokha likakhala pa silabasi. Edzi itafika pomaliza anthu anailembanso, osaibisa.

Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, n'kusesanso Phalombe ndi Mulanje, ndinali nditayamba kale kuphunzitsa. Pa wailesi akatswiri ankanena za kusintha kwa nyengo ndi kudula mitengo m'mapiri, zomwe ndi zoona. M'minibasi anthu ankangoti Napolo wadutsanso. Sukulu zitatsegulidwa ndinalowa mu Fomu 3 ndi mapepala aja a ulusi wa feteleza, tsopano achikasu ndi ong'ambika m'makona. Ndinalemba dzina limodzi pabolodi n'kufunsa amene analimvapo. Manja anakwera pafupifupi onse. Ndinawauza kuti afotokoze zimene anamva kwa makolo awo, m'chilankhulo chilichonse chimene nkhaniyo inabwera nacho, Chingerezi tichipeza kutsogolo.

Mtsikana wina wa kumbuyo, amene chiyambire teremu sindinamumvepo mawu, anaimirira n'kufunsa kaye ngati sindimulemba dzina. Nditamutsimikizira, analankhula mphindi khumi zathunthu za usiku umene anagona pamwamba pa chulu ndi mng'ono wake kumsana. Belu linalira mapepala aja ndisanawatsegule.